Thaulo la Mwamuna wa Eni Pambali pa Amayi Anga

1

Pofika Lachinayi, hotela yonse inali ikunong'onezana nkhani imodzi: akuti amayi anga alanda mwamuna wa eni. Operekera zakudya ankaidziwa. Agogo osewera makhadi pansi pa maambulera ankaidziwa. Ngakhale mayi wokolopa m'makhonde anayamba kuwayang'ana amayi kuyambira kumapazi mpaka kumutu, kenako n'kupukusa mutu ngati akuti, “Anthu ofatsa ndi omwewa.”

Mwamuna wake ndani? Bambo Brodersen. Musaseke. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri, wopuma pantchito ya njanji, mimba ngati mpira wa pagombe, wovala masokosi m'masandasi ngakhale dzuwa liswe mtengo. Umboni unali umodzi wokha. M'mawa uliwonse thaulo lawo linkapezeka pa kabedi koyandikana ndi ka amayi anga, pamene la akazi awo linkapezeka kutali uko, kumapeto kwa dziwe losambiramo, pafupi ndi bini.

Ine ndine Wiebke, ndili ndi zaka khumi ndi zisanu, ndipo miseche ndimaikonda kuposa chokoleti. Masamu sindikhoza, koma mutandifunsa amene wasiyana ndi chibwenzi m'kalasi mwathu, ndikuuzani tsiku, ola ndi zimene anavala. Nkhani iyi yokha ndi imene ndaisunga miyezi itatu osauza munthu, ndipo yayamba kunditsamwa. Ndiye khalani pansi.

2

Tinapita atatu: amayi, ine ndi mlongo wanga Tjark. Bambo athu anasamukira ku Bremen kalekale, amatikumbukira pa Khirisimasi.

Tjark ali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ali ndi otizimu. Phokoso limamulasa ngati singano, choncho amayenda atavala zotsekera m'makutu zazikulu ngati za oyendetsa ndege. Amadya banzi loyera lopanda kanthu, lodulidwa pakati ndendende. Sanama. Sindikunena kuti ndi mngelo ayi, amandibera mabatire, koma ukamufunsa amavomera pomwepo n'kukuuza kuti ndi angati. Ndipo zinthu zikasakanikirana mitundu, thupi lonse limamuyabwa. Kunyumba kwathu masipuni, nsapato, ngakhale maapulo a m'mbale amakhala pamzere ngati asilikali.

Zaka zitatu zapitazo tinapitako kutchuthi kumapiri. Wina anayatsa makina ogayira khofi m'chipinda chodyera, Tjark analira mpaka kudzigwetsa pansi, alendo anadandaula, ndipo tsiku lachitatu manijala anatiitanira ku ofesi n'kutiuza mwaulemu kwambiri kuti mwina malo awo satiyenera. Amayi analira njira yonse yobwerera, manja ali pa chiwongolero, osapukuta n'komwe misozi. Kuchokera pamenepo sitinapitenso kulikonse. Ulendo wa ku chilumba cha Rügen uwu ndiwo unali woyamba, ndipo titangoimika galimoto Lamlungu lija amayi anandigwira dzanja.

“Wiebke, ndi sabata imodzi yokha. Ndikungofuna tifike Lamlungu linalo popanda munthu kutiitanira ku ofesi. Undithandiza?”

“Ndikuthandizani, Amayi.”

“M'mawa uzimutenga mukagwire malo kudziwe, kenako mukayende pagombe anthu asanachuluke. Ine ndigoneko ola limodzi. Limodzi basi, mwanangu. Ndinaiwala kukoma kwake.”

Zogwira malozo mukuzidziwa. Timabedi ta m'mbali mwa dziwe n'tochepa, alendo ndi ambiri, ndiye mbandakucha anthu akuluakulu, madokotala ndi maloya omwe, amatsika ndi zovala zogonera, tsitsi lili nyankhalala, kuyala thaulo pa kabedi n'kubwerera kukagona. Thaulo likayalidwa, malo agwidwa. Munthu mutha kumuponda chala, kumulanda mpando m'basi, akukhululukirani. Koma thaulo lake salikhudza.

3

Lolemba m'mawa tinatsika sikisi koloko ndi mathaulo athu atatu abuluu. Tinayala kumapeto kwachete, kutali ndi chimkuzamawu cha nyimbo. Ine ndinakhala pa kakhoma kuti ndione foni pang'ono, chifukwa mnzanga wa kusukulu anali atangosiyidwa ndi chibwenzi ndipo nkhani inali yotentha. Pang'ono pakepo panatenga mphindi makumi awiri.

Kenako ndinadzutsa mutu. Tjark anali atasuntha mathaulo onse. Abuluu onse anali kumbali yathu, kenako obiriwira, oyera, achikasu, ofiira kumapeto kwenikweni. Onse owongoka bwinobwino, ngodya ndi ngodya. Mwini wake anali ataima pakati, akukupiza manja ngati kambalame, akung'ung'udza kanyimbo kake kamene amaimba akasangalala zenizeni.

“Tjark, wachita chiyani iwe?”

“Zinali zosokonekera.”

“Bwezera msanga anthu asanabwere.”

“Ayi. Tsopano zili bwino.”

Mathaulo makumi anayi. Ndikanadziwa bwanji kuti ili linali pati? Ndipo ndikanangokhudza limodzi, kukuwa kwake kukanadzutsa hotela yonse mpaka manijala. Ndinamugwira malaya, ulendo kugombe, osacheuka.

Itakwana naini kunali ngati kumsika. Abambo kufunafuna akazi awo, ana kulira, dokotala wina wa mano atagwira thaulo lake pachifuwa ngati mwana wopulumuka pamoto. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene anaona kuti aikidwa potsata mitundu, poti aliyense ankangofuna lake. Onse ananyamula mathaulo awo n'kubwerera m'malo mwawo akung'ung'udza. Onse kupatula munthu mmodzi.

“Eckhard, nyamulani thaulo lanulo mubwere kuno,” anakuwa Mayi Brodersen kuchokera kwa achikasu.

“Hannelore, thaulo langa lili apa.”

“Ndikuliona kuti lili apo. Linyamuleni.”

“Pamene pali thaulo langa ndi pamene pali malo anga. Zaka makumi anayi ndili kunjanji, sindinaonepo sitima ikusankha yokha poima.”

Anavula masandasi, n'kutsala ndi masokosi, anati kwa amayi anga, “Mwadzuka bwanji, mayi,” n'kugona chagada. Patapita mphindi zitatu anali akuliza mkonono. Chibwenzi chonsecho, ndikulumbira, chinathera pa moni ameneyo.

Lachiwiri ndinayesa kumudutsitsa Tjark khomo lina. Anakhala pansi m'khonde n'kuyamba kudzigwedeza, pakamwa patatseguka kale kuti akuwe. Ndinagonja. Ndinaima pakona ngati mlonda, iye akugwira ntchito yake. Thaulo la Bambo Brodersen linali labuluu ngati athu, ndipo linabwerera pompaja.

4

Lachitatu mphekesera inali itabadwa, ndipo inakula msanga kuposa bowa. Akuti Bambo Brodersen amadzuka mbandakucha kukaika thaulo lawo pafupi ndi mayi wosakwatiwa uja, ndipo amasokoneza a anthu onse dala kuti asadziwike.

Panali mtsikana wina, Ilka, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, zikhadabo zopenta mitundu isanu. Masiku awiri oyamba sankandiona n'komwe, koma tsopano ankandisungira malo pamzere wa ayisikilimu.

“Iwe chemwali, wamva zatsopano? Akuti anawagulira banzi la nsomba.”

“Anawagulira ndani?”

“Amayi akowo. Lokhala ndi anyezi wambiri. Ndipo akuti mkonono uja ndi wabodza, amakhala akuwasuzumira ndi diso limodzi.”

“Akuti amawalemberanso makalata,” anawonjezera mtsikana wina, “amawabisa m'sokosi.”

Ine ndinkangoti, “Aaa, inu,” n'kutsitsa maso ngati mwana wovutika. Ankandimvera chisoni, ankandipatsa ayisikilimu wawo kuti ndilaweko. Ndisaname, zinkakoma.

Amayi anga sankadziwa kanthu. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zitatu ndinawaona akuwerenga buku mpaka kumaliza tsamba. Mphuno yawo inapsa ndi dzuwa, anagula chipewa cha udzu, anayamba kuimba posamba.

“Anthu a pano ndi ochezeka bwanji,” anandiuza. “Ndikamadutsa aliyense amandiyang'ana n'kumwetulira. Ndipo palibe amene wadandaula za Tjark. Waona, Wiebke? Zatheka.”

Ndinangovomera ndi mutu, osawayang'ana.

Lachinayi masana Mayi Brodersen analowa m'kasitolo ka hotela n'kutuluka ndi mathaulo awiri atsopano, ofiira ngati tomato. Anawakupiza pamaso pa anthu onse.

“Limodzi langa, limodzi la bambo awa. Mawa ndiyala ndekha, ndipo bambowa ndiwatsekera m'chipinda, kiyi ndiika m'kamisolo. Tione ngati ilinso lili ndi miyendo.”

Lachisanu m'mawa thaulo lofiira linapezeka pakati pa abuluu, pambali penipeni pa kabedi ka amayi anga.

5

Tinafika kudziwe naini koloko, amayi patsogolo ndi chipewa chawo, n'kupeza hotela yonse itaima mozungulira ngati pali ngozi. Mayi Brodersen anali pakati, manja m'chiuno, amuna awo ali chigonere pa thaulo lofiira lija.

“Mayi inu, mulibe manyazi?”

Amayi anacheuka kuti aone amene akuuzidwa. Kumbuyo kwawo kunali ine ndi Tjark basi.

“Ine?”

“Inu nomwe. Bambowa ndinawatsekera, ndiye kuti mwayamba kudzitengera nokha. Mukuona chiyani mwa iwo? Ali ndi shuga, mano ndi oikirira, bondo ndi lachitsulo. Mukawatenga mutengenso mapiritsi awo, alipo asanu ndi awiri, ndipo la buluu lija amalilavula mukapanda kuwayang'anira.”

“Hannelore, ine ndimangogona,” anatero Bambo Brodersen ndi mawu a munthu wodzutsidwa.

“Khalani chete, nkhalamba yopanda khalidwe. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndikukuchapirani masokosi, lero mukawavulire kwa eni?”

“Sindinavule. Onani, ndavala.”

Anthu ena anaseka. Amayi anga sanaseke. Ndinaona nkhope yawo ikusintha pang'onopang'ono, akuyang'ana munthu mmodzimmodzi, onse aja ankawamwetulira sabata yonse. Anavula chipewa n'kuchigwira m'manja ngati ali pamaliro.

“Wiebke,” anatero chapansipansi, “kalongedze zikwama.”

“Lero ndi Lachisanu,” anatero Tjark. “Timapita Lamlungu.”

“Tjark, mwanangu, tiye.”

Koma iye sankawayang'ana. Maso ake anali pa thaulo lija, manja atakanikiza zotsekera m'makutu, thupi likugwedezeka. Ndinadziwa kuti kukuwa kwafika. Sanakuwe. Analoza ndi chala.

“Lofiira si la pano. Ine ndinaliika kwa ofiira. Ine sindilakwitsa.”



“Iwe ndi amene umasuntha mathaulo?” anafunsa Mayi Brodersen.

“Inde. Mumayala moipa.”

“Nanga ili lafika bwanji apa?”

“Wiebke. Anati ndiwerenge mitengo yozikidwa m'nyanja, iye akupita kuchimbudzi. Sanapite kuchimbudzi. Chimbudzi chili uko, iye anapita uku. Mitengo ilipo zana limodzi ndi isanu ndi inayi.”

6

Tsopano mundimve, chifukwa apa ndi pamene pali tchimo langa.

Lachiwiri lija masana, ndili pamzere wa ayisikilimu, ndinamva Ilka akuuza anzake kumbuyo kwanga kuti, “Amayi anga akuti ndi kamwana ka zotsekera m'makutu kaja. Anakaona pawindo kakuzungulira kudziwe m'mawa. Mawa akukanena kwa manijala.”

Ndinaona ofesi ija ya kumapiri. Ndinaona amayi akulira pa chiwongolero. Pakamwa panga panatseguka pokha.

“Si iye,” ndinatero. “Ife timangodutsa. Koma tinaona amene amachita. Simunaone thaulo limene limagwera pafupi ndi amayi anga tsiku lililonse?”

Maso onse anatembenukira kwa ine. Ndikanalekera pomwepo, mwina Mulungu akanandimvetsa. Koma anthu akamakumvetsera pakamwa pali yasa, lilime limayenda lokha. Za banzi la nsomba ndinayambitsa ndine, anyezi anawonjezera ena. Za diso limodzi ndinenso. Zamakalata a m'sokosi zokha si ine, ndipo ndinamva kansanje kuti sindinaziganize.

Ndiye Mayi Brodersen atagula mathaulo ofiira aja ndinaona kuti zanga zada. Tjark akanawaika onse awiri pamodzi kwa ofiira, Bambo Brodersen akanapezeka osalakwa, anthu akanayambanso kufufuza, ndipo chala chikanabwerera kwa mlongo wanga. Choncho Lachisanu, iye atamaliza ntchito yake, ndinamusiya pagombe akuwerenga mitengo, n'kuthamanga kukanyamula thaulo la mwamuna wa eni ndi manja angawa, n'kuliyala pambali pa amayi anga enieni. Ndinaliwongolanso ngodya.

Zonsezi ndinazinena pamaso pa anthu, mamina ali chuchuchu, chifukwa Ilka anali atayamba kale kuti, “Komatu ndi iyeyu anatiuza.”

Amayi a Ilka ndi amene anayamba kulankhula. “Mwamva nokha. Ndinanena ine kuti ndi mwanayo. Tiyeni ku ofesi, ana otere asamasiyidwe kuti azigwira katundu wa anthu.”

Amayi anga anamukokera Tjark kumbuyo kwawo. Pamenepo Bambo Brodersen anatsokomola, n'kuimirira, bondo lachitsulo likulira.

“Musanapite, mayi, tawerengani icho.” Analoza chikwangwani chimene chinali pakhoma, theka lake litabisika ndi maluwa. “Chikuti kugwira malo ndi thaulo isanakwane naini n'koletsedwa. Ndachiwerenga tsiku lililonse, ndipo chikumbumtima chakhala chikundidya. Amene akupita ku ofesi ayambe wanena kuti lake analiyala nthawi yanji. Ine ndimuperekeza, ndikanenanso langa.”

Dokotala wa mano anayamba kuyang'ana kumwamba. Amayi a Ilka anakumbukira kuti asiya madzi akutuluka kubafa. Mphindi ziwiri zisanathe, aliyense anali chigonere pa kabedi kake, nkhope ataphimba ndi nyuzipepala. Ku ofesi sikunapite munthu.

7

M'chipinda amayi sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira. Anakhala pabedi, chikwama chili chotsegula, Tjark ali pakhonde akuika timiyala pamzere.

“Ndinkafuna kuti tisathamangitsidwe, Amayi.”

“Ndamva.”

“Munati ndikuthandizeni.”

“Wiebke, kumapiri kuja sindinalire chifukwa cha Tjark. Mwana wangayu sindinachitepo naye manyazi, ngakhale tsiku limodzi. Ndinalira chifukwa sindinawayankhe anthu aja. Ukanandiuza Lolemba, ndikanatsika naye ndekha, tikanapepesa, mwina tikanasekanso. Iwe unaona kuti kuli bwino mayi ako atchedwe wolanda amuna kusiyana n'kuti anthu adziwe kuti mlongo wako ndi mmene alili.”

Ndinangoyang'ana zala zakumapazi.

Patapita nthawi anatseka chikwama n'kuchikankhira pansi pa bedi. “Tipita Lamlungu. Tjark ndinamulonjeza. Koma iwe uyenda tebulo ndi tebulo pa chakudya chamasana, uuze aliyense kuti unanama. Miseche umaitha, ndiye iyi uifalitse bwino.”

Matebulo analipo makumi atatu ndi awiri. Tjark anandiperekeza, osati chifukwa cha chisoni, koma kuti awerenge. Ndikadumpha mawu ankandikonza. “Sunanene za banzi la nsomba.” Pa tebulo la a Brodersen, mayi aja anandiyang'ana nthawi yaitali, foloko ili m'mwamba.

“Mtsikana iwe, m'bale wako ali ndi mutu kuposa iwe.”

“Ndikudziwa, mayi.”

“Koma pena ndikuthokoze,” anatero akuyang'ana amuna awo. “Sabata ino ndi yoyamba m'zaka makumi awiri kuganiza kuti pali wina angawafune.”

“Hannelore, msuzi ukuzizira,” anatero Bambo Brodersen, makutu atafiira.

Loweruka, itangokwana naini ndendende, Mayi Brodersen anamupatsa Tjark mathaulo ofiira awiri aja n'kuti, “Bwana, tiikireni pamene mukuona kuti n'poyenera.” Anthu enanso asanu anachita chimodzimodzi. Koma amayi anga sanapondenso kudziwe. Masiku awiri otsalawo anakhala pamchenga okha, buku lili chotseka pamiyendo. Chipewa cha udzu anachisiya m'kabati ya hotela, ndipo sindikhulupirira kuti anachiiwala.

Tinafika Lamlungu popanda kuitanidwa ku ofesi, monga ndinalonjezera. Tikukweza zikwama ndinamva amayi a Ilka akuuza mnzawo kuti, “Kaya, koma utsi sufuka popanda moto.” Amayi anamvanso. Anangoliza galimoto.

Anzanga owerenga, bodza lili ngati mchenga wa pagombe, ungasambe bwanji, umakaupezabe m'nsapato kunyumba. Amayi anandikhululukira, amandiseka, amanditchula kuti wailesi, koma ndikayamba kuti “Mwamva?” amandiyang'ana kaye ndi kenakake m'maso kamene kale munalibe. Ine ndimadziuza kuti ndinachitira Tjark, ndipo pa bodza loyamba lija n'zoona. Koma banzi la nsomba silinateteze munthu. Diso limodzi silinateteze munthu. Ndiye ndikufunseni inu amene simunalipo: mukanakhala inu pamzere wa ayisikilimu uja, mlongo wanu akulozedwa chala, anthu onse atatchera khutu kwa inu kwa nthawi yoyamba, mukanadziwa pamene chikondi chathera n'kuyamba kukoma kwa miseche?